Ntchito, Msonkho, Ndende ndi Wailesi: Malamulo Adasintha, Koma Afika Kumudzi?

ULÓNGUÈ — Mu Febuluwale 2024 lamulo latsopano la ntchito, Lei 13/2023, lidayamba kutsatidwa m'dziko lonse la Moçambique, kulowa m'malo mwa lamulo la 2007. M'mbuyomo, mu Disembala 2020, adali atayambanso kugwira ntchito malamulo atatu atsopano onena za milandu ndi zilango zake, kazengedwe ka milandu, ndi kasungidwe ka akaidi. Onsewa adasindikizidwa m'Chipwitikizi mu Boletim da República ku Maputo, ndipo akatswiri a zamalamulo adawakambirana m'masukulu aukachenjede ndi m'misonkhano ya m'mizinda. Koma kwa mlimi wa ku Dómuè, kwa mayi wogulitsa kachewere pa msika wa Ulónguè, kapena kwa mnyamata woolotsa katundu pa chipata cha Calómuè, funso ndi limodzi: kodi pa zonsezi n'chiyani chamusinthira?

Yankho lake lili pawiri. Pa pepala zambiri zasintha ndithu, ndipo zasinthira kwabwino. Koma lamulo silidziyendera lokha kuchoka ku Maputo kukafika ku Lifidzi. Limateteza munthu amene akulidziwa, amene akutha kuitanitsa pepala loyenera pa nthawi yake: pangano la ntchito, lisiti la msonkho, chikalata cha woweruza. Ndipo munthu wa kumudzi amadziwa zimenezi pokhapokha ngati wailesi ndi nyuzipepala zili ndi ufulu womuuza m'chiyankhulo chake. N'chifukwa chake nkhani zinayi izi, ngakhale ophunzira zamalamulo amaziphunzira padera padera, kumudzi ndi nkhani imodzi.

CHINGWE CHIMODZI M'NTHAWI YA ATSAMUNDA

Akuluakulu a ku Angónia safuna wowauza kuti zinthu zinayizi n'zolumikizana, chifukwa makolo awo adamangidwa nazo ngati chingwe chimodzi. Chiyambi chake chidali msonkho. M'madera a mtsinje wa Zambezi, Apwitikizi ankatolera msonkho wa pamutu umene ankautcha mussoco, dzina limene adalitenga kwa eni dziko omwe. Wopanda ndalama ankalipira ndi thukuta. Mu 1899 lamulo la ntchito lokonzedwa ndi gulu lotsogozedwa ndi António Enes lidanena kuti munthu wakuda ali ndi udindo wogwira ntchito, ndipo akalephera kudzipezera yekha ntchito yovomerezeka, Boma limupezera mokakamiza. Kulima munda wa chakudya cha pabanja nthawi zambiri sikunkawerengedwa ngati ntchito yokwanira. Chibalo chidaima pa lamulo limeneli.

Angónia, pokhala dera la anthu ochuluka, idasanduka nkhokwe ya antchito. Amuna ankatengedwa kupita ku minda ya nzimbe ya kampani ya Sena Sugar Estates kumunsi kwa Zambezi, ku Luabo, Mopeia ndi Marromeu. Mu 1913 pangano la pakati pa Apwitikizi ndi Southern Rhodesia lidatsegula njira yolembera anthu a ku Tete kupita ku mafamu ndi migodi ya dziko limene lero ndi Zimbabwe. Ena ankangodutsa malire usiku kulowa ku Dedza ndi Ntcheu, m'dziko la Nyasaland. Wokana msonkho kapena wothawa chibalo ankakumana ndi mbalamatodya ndi ndende, pa mawu a mkulu wa posto, popanda woweruza, popanda womuyankhulira. Mu 1917 anthu a ku Báruè, kumwera kwa Zambezi, adaukira, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chidali kugwidwa mokakamiza kukalambula msewu ndi kukatumikira pa nkhondo ya Azungu.

Mfundo yomaliza ya chingwecho idali kutseka anthu pakamwa. Ku Lourenço Marques, João Albasini ndi anzake adayambitsa nyuzipepala ya O Brado Africano mu 1918, yokhala ndi gawo lolembedwa m'Chironga, ndipo idadzudzula chibalo poyera. Koma ulamuliro wa Salazar utakhazikika, nkhani iliyonse inkayamba yaonedwa ndi Boma isanasindikizidwe. Lamulo losiyanitsa anthu akuda ndi ena, lotchedwa indigenato, lidathetsedwa mu 1961, koma kutsekereza nkhani kudapitirira mpaka 1974.

UFULU UDABWERA, ZINA ZIDATSALIRA

Dziko litalandira ufulu pa 25 Juni 1975, chibalo cha atsamunda chidatha. Mu 1978 mudabwera msonkho wa dzina latsopano, Imposto de Reconstrução Nacional, kutanthauza msonkho womangiranso dziko. Komabe chizolowezi cholanga munthu popanda kumumva sichidathe msanga. Chaka cha 1983 chokha chidaona zinthu zitatu: lamulo lobweretsa chilango cha chikoti, kampeni ya Operação Produção imene idasamutsa anthu otchedwa malova kuchoka m'mizinda kupita makamaka ku Niassa, ndi kutsekedwa kwa sukulu ya zamalamulo ya pa Universidade Eduardo Mondlane, imene idatsegulidwanso mu 1987. Dziko lidakhala zaka zingapo lisakuphunzitsa maloya ndi oweruza atsopano, ndipo kuchepa kwawo kudamveka kwa nthawi yaitali m'maboma akutali.

Kusintha kwakukulu kudadza kumapeto kwa nkhondo. Chikoti chidathetsedwa mu 1989. Malamulo oyendetsera dziko a 1990 adachotsa chilango cha imfa, adalola zipani zambiri, adavomereza ufulu wonyanyala ntchito ndi ufulu wa atolankhani. Mu 1991 mudatuluka lamulo la nyuzipepala, mu 1992 lamulo la makhoti a kumudzi, ndipo pa 4 Okutobala chaka chomwecho pangano la mtendere lidasainidwa ku Roma.

Koma pamene zonsezi zinkalembedwa, anthu ambiri a ku Angónia ndi Tsangano adali kutsidya la malire, m'gulu la othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi amene dziko la Malawi lidawasunga. Pobwerera m'zaka za 1993 ndi 1994 adapeza malamulo amene sadamvepo akukambidwa. Adabwera ndi kwacha m'thumba ndi MBC m'makutu. Mpaka lero si zachilendo kupeza munthu wa m'malire wodziwa bwino zimene zikukambidwa m'nyumba ya malamulo ku Lilongwe kuposa za ku Maputo, pa chifukwa chimodzi chokha: za ku Lilongwe amazimva m'chiyankhulo chake.

NTCHITO: PANGANO LA PAKAMWA NALO NDI PANGANO

Malamulo oyendetsera dziko a 2004, pa ndime 84, amaletsa ntchito yokakamiza, kupatula yokhayo yogwiridwa monga chilango cha khoti. Lamulo la ntchito limaika maola 8 pa tsiku ndi 48 pa mlungu monga muyeso wa ntchito ya masiku onse. Lamulo la 2023 lidakweza tchuthi cha mayi wobereka kuchoka pa masiku 60 kufika pa 90, lidapatsa bambo masiku 7, ndipo lidaika zaka 18 monga msinkhu wolembedwera ntchito, ngakhale limalola wa zaka 15 ngati kholo kapena womulera wavomereza. Malipiro otsikitsitsa amakambiridwa chaka ndi chaka pakati pa Boma, olemba ntchito ndi mabungwe a antchito. Mu 2024 a gawo la ulimi adaikidwa pa 6,338 meticais pa mwezi. Wolembedwa ntchito ayenera kulembetsedwa ku INSS, kumene iye amapereka 3 pa 100 iliyonse ya malipiro ake ndipo bwana amapereka 4.

Wina anganene kuti izi ndi za anthu a m'maofesi ndi m'migodi ya malasha ya ku Moatize. Si choncho ayi. Ku Angónia ntchito yambiri ili m'minda ya fodya ndi kachewere, ndipo m'minda imeneyi muli maubale awiri amene anthu amawasokoneza.

Woyamba ndi wa mlimi ndi kampani yogula fodya. Mlimi amalandira mbewu ndi feteleza pa ngongole, n'kulonjeza kugulitsa fodya wake ku kampani imene idapatsidwa dera limenelo. M'chigawo cha Tete kampani yaikulu ndi Mozambique Leaf Tobacco, imene idatsegula fakitale yake mumzinda wa Tete mu 2006. Pamaso pa lamulo mlimi ameneyu si wantchito wa kampani. Alibe malipiro a pamwezi, alibe tchuthi. Chimene chimamuteteza ndi pangano limene adasaina ndi malamulo a unduna wa zaulimi okhudza fodya. Choncho mlimi wosasunga pepala la ngongole ndi mapepala a sikelo ndi magiredi alibe poimira tsiku la mkangano.

Wachiwiri ndi wa mlimi yemweyo ndi anthu amene amamulimira. Kafukufuku wa Helena Pérez Niño m'midzi ya Angónia adaonetsa momwe zinthu zidatembenukira: mabanja amene kale ankapita kukagwira ntchito m'minda ya fodya ku Malawi, lero ndiwo akulemba anthu ochokera ku Malawi kudzawalimira nyengo yonse, malipiro n'kudzaperekedwa fodya akagulitsidwa. Apa mlimi ndiye bwana, ndipo lamulo la ntchito likumuyang'ana iye. Mfundo yofunika ndi iyi: kusalembedwa kwa pangano sikufafaniza ufulu wa wantchito. Lamulo limaona kusowa kwa pepala monga vuto la wolemba ntchito. Amene walimitsa munthu miyezi isanu ndi itatu n'kumuuza kuti fodya sadayende bwino ndiye palibe malipiro, waphwanya lamulo, ngakhale adangopangana pakamwa pansi pa mtengo.

Vuto n'lakuti wantchito wochokera kutsidya, wopanda chiphaso, amaopa kukadandaula, poganiza kuti amangidwa ndi iyeyo. Enanso amachedwa, osadziwa kuti nthawi yokadandaula za ntchito imawerengedwa m'miyezi, osati m'zaka. Madandaulo amapita kwa oyendera ntchito a Inspecção do Trabalho, ku malo oyanjanitsira antchito ndi mabwana, kapena ku khoti la boma. Kutsidya nako zinthu zikusintha: mu 2021 dziko la Malawi lidaletsa mwalamulo ntchito ya utenanti m'minda. Mbali zonse ziwiri za malire zikuvomereza tsopano kuti thukuta la munthu si chikole cha mitengo ya fodya.

MSONKHO: WOPANDA LISITI SI MSONKHO

Ndime 127 ya malamulo oyendetsera dziko ili ndi mawu amene munthu aliyense wa m'malire ayenera kuwasunga pamtima. Tanthauzo lake n'lakuti palibe munthu angakakamizidwe kupereka msonkho umene sudakhazikitsidwe mwalamulo, kapena umene ukutoleredwa m'njira yosatsata lamulo. Akatswiri amati apa ndi pamene pali kusiyana kwa mussoco ndi msonkho wa dziko la ufulu: woyamba unkachokera ku mphamvu ya mfuti, wachiwiri uyenera kuchokera ku chilolezo cha aphungu osankhidwa ndi anthu.

Misonkho imene imafika kumudzi ndi yowerengeka. M'midzi muli msonkho wa pamutu uja wa 1978, umene mtengo wake umalengezedwa chaka ndi chaka ndipo umasiyana chigawo ndi chigawo. M'tauni ya Ulónguè, imene idakhala munisipiyo mu 2008, m'malo mwake muli Imposto Pessoal Autárquico, ndipo ndalama zake zimapita ku khonsolo ya tauniyo pamodzi ndi za matikiti a pamsika. Pa katundu wa m'sitolo pali IVA, imene idayamba mu 1999 pa 17 pa 100 iliyonse ndipo idatsitsidwa kufika pa 16 mu Januwale 2023. Umenewu aliyense amaulipira osauona. Amalonda ang'onoang'ono adapatsidwa njira yapafupi mu 2009, yotchedwa ISPC. Pa chipata cha Calómuè ndi cha Biri-Biri pali a Alfândega, amene kuyambira 2006 ali pansi pa Autoridade Tributária.

Pa yonseyi pali chizindikiro chimodzi chosiyanitsa msonkho ndi kulanda: lisiti, limene ena amati resibu, lokhala ndi nambala, tsiku, mtengo ndi chidindo. Ndalama yoperekedwa pa chingwe chotchinga msewu popanda pepala sifika ku thumba la Boma, sigula mankhwala, sikonza mlatho. Wopereka amaluza kawiri: ndalama yapita, ndipo mawa wina akhoza kumuitanitsanso yomweyo.

Pali chinthu china chimene ophunzira zamalamulo amachenjezapo. Lamulo la 2000, Decreto 15/2000, limene lidakonzedwanso mu 2012, lidazindikira mafumu, manyakwawa ndi masekeletale monga atsogoleri a m'midzi, n'kuwapatsa udindo wothandiza kutolera msonkho ndi mwayi wolandirapo kangachepe. Ubwino wake ngwakuti wotolera ndi munthu wodziwika, wodziwa amene ali wodwala ndi amene ali wokalamba. Kuopsa kwake n'kwakuti munthu mmodzi yemweyo ndiye amachitira umboni za malo, amaweruza mikangano, ndipo amalemba maina a olandira chithandizo. Mphamvu zikaunjikana chotero, chingwe chakale chija chikhoza kulukidwanso mosadziwika. Mtsogoleri wabwino amadziteteza yekha popereka lisiti kwa aliyense ndi kuwerenga pa msonkhano ndalama zimene zatoleredwa.

NDENDE: NDANI ALI NDI MPHAMVU YOTSEKERA MUNTHU?

Pa nkhani ya ndende ndi pamene maphunziro a zamalamulo adabala chipatso chooneka. Kwa zaka zambiri dziko lidagwiritsa ntchito malamulo a milandu a Apwitikizi, la zilango la 1886 ndi la kazengedwe la 1929. Malamulo amenewa ankalola apolisi, oimira Boma pa milandu, ngakhale akuluakulu a maboma, kulamula kuti munthu atsekeredwe. Bungwe la Liga dos Direitos Humanos, lotsogozedwa ndi Alice Mabota, lidasonkhanitsa masaini a nzika 2,000 monga malamulo amafunira, n'kukasuma ku Conselho Constitucional. Mu Seputembala 2013 bwaloli lidagamula kuti, kupatula pamene munthu wagwidwa ali mkati mopalamula, ndi woweruza yekha angalamule kuti amangidwe podikira mlandu.

Tanthauzo lake kumudzi n'lomveka. Wakuba wogwidwa ndi mbuzi m'manja akhoza kugwidwa pomwepo n'kuperekedwa kwa apolisi. Koma munthu wongotchulidwa dzina pa mlandu wa sabata yatha satengedwa popanda chikalata cha woweruza. Womangidwa ayenera kuonekera pamaso pa woweruza pasanathe maola 48. Ndime 64 imati auzidwe nthawi yomweyo, m'njira yoti amve, chifukwa chimene wamangidwira, ndipo chigamulo chomusunga chidziwitsidwe kwa mbale wake kapena munthu amene iye amamukhulupirira. Ndime 66 imapatsa womangidwa mosatsata lamulo njira yotchedwa habeas corpus, ndipo khoti liyenera kuyankha pasanathe masiku 8. Wosauka ali ndi ufulu wothandizidwa ulere ndi a IPAJ, bungwe la Boma limene lidakhazikitsidwa mu 1994.

Makhoti a kumudzi nawo ali ndi malire. Lamulo la 1992 lidawapatsa mphamvu yoyanjanitsa, yodzudzula poyera, yolipiritsa, ndi yopereka ntchito yothandiza mudzi yosapitirira masiku 30. Silidawapatse mphamvu yotsekera munthu kapena kumukwapula. Buku la 2003 la Boaventura de Sousa Santos ndi João Carlos Trindade lidaonetsa kuti mikangano yambiri m'dziko muno imathera m'mabwalo otere, osafika ku khoti la Boma, ndipo malamulo oyendetsera dziko a 2004 adavomereza zimenezi pa ndime 4, bola ngati zigamulo zake sizikutsutsana ndi malamulowo. Ngongole ya feteleza kapena mkangano wa malire a munda si chifukwa chogonetsera munthu m'chitokosi.

Kufunika kwa malamulowa kudaoneka ndi maliro. Mu Novembala 2000, ku Montepuez m'chigawo cha Cabo Delgado, anthu opitirira 80 adafa chifukwa chosowa mpweya m'kachipinda ka polisi m'mene adawapanikizamo pambuyo pa zionetsero. Ndende za dziko lino, zimene kuyambira 2013 zili m'manja mwa SERNAP, zakhala zikusunga anthu ochuluka kuwirikiza kawiri kapena kuposa chiwerengero chimene zidamangidwira. Mu Epulo 2020, chifukwa cha mliri wa Covid-19, aphungu adavomereza lamulo lokhululukira akaidi pafupifupi 5,000. Pa 25 Disembala 2024 akaidi opitirira 1,500 adathawa m'ndende ya ku Maputo, ndipo apolisi adalengeza kuti 33 adafa. Malamulo atsopano a milandu amalola woweruza kupereka zilango zina m'malo mwa ndende pa milandu ing'onoing'ono, monga faindi kapena ntchito yothandiza anthu. Kwa banja la mlimi izi si zazing'ono: bambo wotsekeredwa m'mwezi wa Novembala ndiye kuti munda sudzalidwa, ndipo chilango cha mmodzi chimasanduka njala ya ana asanu.

Chopinga chachikulu n'chakuti oweruza ndi ochepa ndipo mitunda ndi yaitali. Chigamulo cha 2013 chimagwira ntchito pokhapo pamene pali mbale wolimba mtima wofunsa mwaulemu kuti chikalata chili kuti, ndi kuwerenga maola.

WAILESI: AMENE AMAUZA ANTHU ZONSEZI

Ndime 48 ya malamulo oyendetsera dziko imapatsa nzika ufulu woyankhula, ufulu wa atolankhani ndi ufulu wolandira nkhani, ndipo imaletsa kutsekereza nkhani. Lamulo la nyuzipepala la 1991, Lei 18/91, lidatsegula khomo la nyuzipepala zosakhala za Boma, lidateteza chinsinsi cha amene wauza mtolankhani nkhani, ndipo lidapatsa munthu wonamiziridwa ufulu woyankha pa malo omwewo. Mu 1992 Carlos Cardoso ndi anzake adayambitsa mediaFAX. Mu 2014 mudabwera Lei 34/2014, lamulo lopatsa nzika iliyonse mphamvu yofunsa ofesi ya Boma za ntchito ndi ndalama za anthu, popanda kufotokoza chifukwa chofunsira, ndipo ofesiyo iyenera kuyankha pasanathe masiku 21. Ndiye kuti gulu la alimi likhoza kulemba kalata kufunsa kuti msonkho wa pamsika wa chaka chatha udakwana zingati ndipo udagwira ntchito yanji.

Koma ufulu umenewu wakhala ukulipiridwa modula. Cardoso adaphedwa ku Maputo pa 22 Novembala 2000 akufufuza za kubedwa kwa ndalama m'banki ya BCM. Gilles Cistac, mphunzitsi wa malamulo oyendetsera dziko, adawomberedwa pa 3 Malichi 2015. Chaka chomwecho katswiri wa zachuma Carlos Nuno Castel-Branco ndi mkonzi Fernando Mbanze adazengedwa mlandu chifukwa cha kalata yodzudzula Pulezidenti Armando Guebuza imene idalembedwa pa Facebook, ndipo khoti lidawapeza osalakwa, ponena kuti kudzudzula atsogoleri ndi gawo la demokalase. Mu 2018 Boma lidaika ndalama zambiri za ziphaso za atolankhani ndi mawailesi kudzera mu Decreto 40/2018, koma pambuyo pa madandaulo lidachotsa lamulolo mu 2020. Kuyambira 2021 pakhala mtsutso waukulu pa malamulo atsopano a zofalitsa nkhani, makamaka pa funso la amene ayenera kuyang'anira mawailesi ndi nyuzipepala: bungwe loima palokha kapena losankhidwa ndi Boma.

Atolankhani a mawailesi a kumudzi ndiwo ali pangozi yaikulu, chifukwa amakhala moyandikana ndi amene akuwanena. Amade Abubacar, wa wailesi ya ku Macomia, adamangidwa mu Januwale 2019 akucheza ndi othawa nkhondo, ndipo adasungidwa masiku angapo m'manja mwa asilikali asanaonekere kwa woweruza. Ibraimo Mbaruco, wa wailesi ya ku Palma, adasowa mu Epulo 2020. Chisankho cha pa 9 Okutobala 2024 chitapita, intaneti ya pa lamya idadulidwa kangapo m'dziko muno. Zonsezi zidachitika kutali ndi mapiri a Angónia, koma akale adati chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Wailesi yoopa kufunsa za lisiti la pamsika sidzafunsanso za mwana wa munthu amene wagona m'chitokosi sabata yathunthu.

CHIYANKHULO NDIYE MLATHO

Pansi pa zonsezi pagona nkhani ya chiyankhulo. Ndime 10 imati Chipwitikizi ndicho chiyankhulo cha Boma, pamene ndime 9 imati Boma lilemekeze ndi kutukula ziyankhulo za eni dziko. Kalembera wa 2017 adaonetsa kuti anthu osafika 20 pa 100 aliwonse ndiwo adayamwira Chipwitikizi. Lamulo limati kusadziwa lamulo si chifukwa chothawira mlandu. Ngati ndi choncho, Boma nalo lili ndi ngongole yofikitsa lamulolo m'chiyankhulo chimene munthu amamva. Njira zake zilipo kale: Rádio Moçambique ku Tete imaulutsa m'Chinyanja, Chinyungwe ndi Chisena, mawailesi a m'maboma amayankhula chiyankhulo cha pamudzi, ndipo maphunziro a ziyankhulo ziwiri, amene adayesedwa m'chigawo chino ndi Chinyanja kuyambira 1993, adalowa m'sukulu za Boma mu 2003. Chimene chikusowa ndi kuika malamulo enieniwo, ndime ndi ndime, m'mapologalamu ndi m'timabuku tofika kwa nyakwawa, kwa aphunzitsi, kwa makomiti a misika ndi magulu a alimi.

Podikira zimenezo, munthu wa m'malire ali ndi mafunso anayi amene lamulo limamulola kufunsa popanda mantha. Kwa wolemba ntchito: tapangana zingati, ndipo tilembe pati, pamaso pa mboni ziti? Kwa wotolera ndalama: msonkho umenewu dzina lake n'chiyani, ndipo lisiti lili kuti? Kwa womanga munthu: chikalata cha woweruza chili kuti, ndipo aonekera liti ku khoti? Kwa ofesi ya Boma: ndalama za anthu zapita kuti?

Mafunso amenewa si chipongwe kwa atsogoleri, ndipo si ndale za chipani chilichonse. M'nthawi ya mbalamatodya wofunsa chotero ankabwerera kwawo manja atatupa. Lero malamulo a dziko ali kumbali ya wofunsa. Safunsa adadya phula. Ndipo mudzi umene sufunsa udzapitirira kulipira msonkho wopanda lisiti, kulimitsa ndi kulima popanda pangano, ndi kudikira pa khomo la polisi osadziwa kuti maola 48 adakwana kale.